Chionetsero Chimayambira ku Dambo

Nkhani ya lero yapita kwa amisiri a ntchito zamanja: osoka mphasa, oluka mikeka ndi madengu, oumba mbiya, osema mitondo ndi zipande, osula mbaula ndi ndowa. Zitsanzo zanga ndizitenga ku Chileka ndi ku Lirangwe, m'boma la Blantyre, chifukwa anthu a kumeneko ali pakhomo penipeni pa mzinda, ndipo munthu atalaŵira m'maŵa angathe kufika pa chionetsero dzuŵa lisanatenthe. Koma inu a ku Dedza, a ku Mangochi kapena a ku Mzimba musatseke wailesi, pakuti bango ndi limodzimodzi kulikonse, ndipo mbiya sifunsa boma ikafuna kusweka.

Tiyambe ndi zionetserozo. Pa Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe, m'mbali mwa mseu wa Masauko Chipembere, pali bwalo la zionetsero limene limayendetsedwa ndi bungwe la amalonda la MCCCI. Pamenepo pamachitika chionetsero chachikulu cha malonda, chimene kaŵirikaŵiri chimagwa kumapeto kwa Meyi kapena kuchiyambi kwa Juni. Pamachitikanso chionetsero cha zaulimi, chimene chimabwera m'chilimwe, anthu atakolola kale. Ilipo misonkhano ya chikhalidwe kumene khamu la anthu limasonkhana ndipo malonda amayenda: Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, mu Ogasiti, Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu, Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje, mu Okutobala. Potsiriza pali misika ing'onoing'ono imene mipingo ndi sukulu za m'tauni zimakonza Khirisimasi ikayandikira.

Tsono taonani m'mene masiku ameneŵa akhalira tikawaika pambali pa chaka cha mlimi. Mmisiri wa kumudzi ndi mlimi poyamba, ndipo ntchito yamanja imabwera khasu likapumula. Kuyambira Novembala kufikira Febuluwale manja ali kumunda: kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yokolola. Bango nalo limakhwima mvula itatha, madzi ataphwera m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Lirangwe, Lunzu ndi Likhubula. Nsungwi yabwino imadulidwa m'nyengo youma. Mtapo wa dothi m'dzinja umadzaza madzi, ndipo mbiya youmbidwa mu Januwale siuma msanga. Tanthauzo lake n'lakuti chionetsero cha mu Meyi chimafika zipangizo za chaka chimenecho zisanakhwime. Amene afuna kukaima pa Chichiri mu Meyi ayenera kupita ndi katundu wochokera ku bango ndi nsungwi za chaka chatha, zimene anadula mu Julaye kapena Ogasiti, nazisunga pouma, pamwamba, kutali ndi chiswe. Munthu amene wamva chilengezo pa wailesi mu Epulo, nanyamula chikwanje kuloŵera kudambo, wachedwa ndi miyezi 8.

Kodi katundu wopangidwa mothamanga amatani? Bango laliŵisi limafota likamauma. Mphasa imene inali yothina tsiku loisoka, pakapita masabata aŵiri imakhwepa, chingwe cha khonje chimalendeŵera, ndipo mipata imaonekera ngati mano a nkhalamba. Nsungwi yanthete ili ndi madzi otsekemera amene tizilombo tofumbula timawakonda. Lichero lolukidwa ndi nsungwi yotere limaŵala bwino lomwe patsiku logulitsa, koma ndi chikomekome cha nkhuyu. Wogula akafika nalo kunyumba, mwezi usanathe amapeza kaufa koyera pansi pake. Munthu ameneyo sadzabwera kudzakudandaulirani, chifukwa sadziŵa kwanu. Adzangouza anzake kuti malichero a pa chionetsero ndi ofumbwa, ndipo chaka chamaŵa amene adzalangidwe ndi mmisiri wina amene sanalakwe kanthu.

Amisiri akale amadziŵa mankhwala ake, ndipo sagulidwa m'sitolo. Amasankha nsungwi ya zaka 3 kapena kuposerapo, imene khungu lake lasiya kubiriŵira. Ena amainyika m'madzi oyenda kwa masabata angapo kuti kutsekemera kuja kutuluke. Ena amaika zoluka zawo kudenga la khitchini kuti utsi uzimenye, ndipo utsiwo umathamangitsa tizilombo, numapatsanso lichero maonekedwe ofiirira amene ogula ambiri amawakonda. Zonsezi zimafuna nthaŵi, ndipo nthaŵiyo iyenera kuŵerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira tsiku lotsegulira chionetsero.

Kwa inu amayi oumba, kuŵerenga kumeneku n'kofunika koposa. Chileka ali mmunsi poyerekeza ndi mzinda: bwalo la ndege lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre wapitirira mamita 1,000, ndipo mukamatsika mseu wa M1 kudutsa Lirangwe kulinga ku Shire kutentha kumanka kukulirakulira. Mpweya wouma wotere umathandiza osoka mphasa, koma ndi mdani wa mbiya yaiŵisi. Mtsuko woumikidwa padzuŵa kapena pamphepo umauma kunja m'kati muli chinyontho, ndipo umang'aluka, mwina pomwepo, mwina pamoto. Uyenera kuumira m'nyumba, pamthunzi, pang'onopang'ono. Mukaphatikiza masiku otapa dothi, olikanda, oumba, okulungiza ndi mwala, oumika ndi ootcha, mtsuko waukulu sungachepere mwezi. Muumbe yochuluka kuposa imene mufuna kutenga, pakuti moto umatenga msonkho wake. Ikapsa, muigogode umodziumodzi ndi chala: wakupsa bwino umalira mokweza, wamng'alu umalira mogontha. Wokayikitsa usiyeni pakhomo, amwere nkhuku.

Tibwere tsopano kwa wogula, chifukwa wa pa chionetsero si yemwe uja wa pamsika wa Lirangwe kapena wa Lunzu. Wa pamsika amafuna dengu lalikulu lotutira chimanga, lolimba ndi lotsika mtengo, ndipo amalisenza pamutu kupita nalo kwawo. Pa chionetsero pamabwera anthu a mitundu itatu. Alipo a m'tauni, okhala m'nyumba za lendi, amene alibe nkhokwe koma amafuna poika zovala, zipatso kapena buledi; m'chilimwe ameneŵa amafunanso malichero, mithiko ndi mitondo yopereka pa zinkhoswe ndi maukwati. Alipo alendo a kunja, amene adzakwera ndege pa Chileka pomwepa, ndipo chikwama chimene makampani ambiri a ndege amalola sichipitirira makilogalamu 23. Mtondo wa mlombwa angauyamikire, angaujambule, koma sangaugule. Chimene angatenge ndi tinsengwa toloŵana m'kati, kakang'ono m'kokulirapo, kapena mkeka wopindika. Dziŵaninso kuti maiko ena, monga Australia ndi New Zealand, amafufuza kwambiri zinthu zamitengo ndi zaudzu pachipata, ndipo chosema chokhala ndi khungwa kapena timabowo ta tizilombo chingathe kulandidwa. Mlendo wodziŵa zimenezi amatembenuza chinthu, nayang'ana kunsi kwake asanafunse mtengo.

Wogula wachitatu ndiye wofunika kuposa onse, ngakhale kuti patsikulo angogula chimodzi. Ameneyu ndi mwini sitolo, mwini hotela kapena wamalonda wotumiza katundu ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Funso lake ndi limodzi: kodi mungandipangire 50 ofanana ndi ili? Apa ndi pamene amisiri athu ambiri amagwera, osati chifukwa chosoŵa luso, koma chifukwa chakuti amayeza ndi maso. Dengu la lero limatuluka lalifupi, la maŵa lotambalala, lililonse lokongola palokha. Ife amene tinadutsa ku koleji ya aphunzitsi tinauzidwa kuti mwana asajambule mzere popanda rula, ndipo langizolo ndilipereka kwa akuluakulu mosachita manyazi. Dulani kandodo ka msinkhu wa dengu, kena ka kukamwa kwake, mutisunge patsindwi. Gulu lonse ligwiritse ntchito tindodo tofanana.

Pano ndinenepo maganizo anga, ndipo amene atsutse atsutse. Ndimaona kuti pofuna kukondweretsa anthu a m'tauni, ena ayamba kupaka vanishi wambiri ndi penti woŵala pa chilichonse, mpaka lichero silingapetenso ufa, chipande sichingaomolenso nsima. Chinthu chikasiya kugwira ntchito yake chimataya theka la ulemu wake. Wogula wozindikira amafuna kuona nsungwi, osati penti. Chepetsani msinkhu ngati kuli kofunika, konzani m'mphepete kuti musabaye chala, koma chikhalebe lichero.

Oluka ali ndi mwaŵi wina umene sanaugwiritse ntchito mokwanira. Mu 2015 boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho n'choyenera. Nkhaniyi yakhala ikubwerera m'makhoti, koma anthu ambiri a m'tauni anamva uthenga wake. Basiketi ya mlaza yokhala ndi zogwirira zolimba, yoti mayi apite nayo kumsika chaka chathunthu, ili ndi ogula. Polimbikira ndi pa zogwirirapo, chifukwa ndi pamene imayambira kutha.

Osema ali ndi nkhani yolemera. Aliyense wa ku Chileka akakweza maso amaona m'mene phiri la Michiru lametedwera. Lamulo la zankhalango la mu 1997 linakonzedwanso mu 2020, ndipo zilango zake zinakhwima. Mitengo monga mlombwa, mbaŵa ndi phingo sidulidwa mwachisawawa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Musanayambe kusema katundu wa chionetsero, pitani ku ofesi ya zankhalango mukafunse chimene chili chololedwa ndi chikalata chimene muyenera kuyenda nacho. Kulandidwa katundu wa miyezi itatu pa chipata cha apolisi ndi tsoka lopeŵeka. Malaina, bulugama ndi mango wakale wosiya kubala zimasemeka, ndipo wogula wa masiku ano amakondwa kumva kuti mtengowo munabzala nokha.

Tifike pa mtengo wogulitsira, pamene ndifuna mutchere khutu. Mmisiri wa kumudzi akamatchula mtengo amaŵerenga zimene anagula ndi ndalama zokha. Bango anadula yekha, ndiye amati ndi laulere. Masiku ake sawaŵerenga konse. Tiyeni tichite samu imodzi. Manambala aŵa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anuanu. Tinene kuti mlaza, utoto ndi chingwe za basiketi imodzi zakudyerani K1,500. Mwailuka masiku aŵiri, ndipo mukadapita kuganyu mukadalandira K3,000 patsiku. Imeneyo ndi K6,000. Ulendo wonse, kuphatikiza galimoto popita ndi pobwera, malo ogulitsira, chakudya ndi pogona, tinene kuti ukwana K120,000, ndipo mwatenga mabasiketi 60. Basiketi iliyonse yasenza K2,000. Mukaphatikiza zonse mupeza K9,500. Pamenepo simunapindule kanthu, mwangobweza zanu. Wogulitsa basiketi imeneyo pa K7,000 chifukwa chakuti pamsika wa kwawo imagulidwa motero, ndiye kuti walipira yekha K2,500 kuti mlendo anyamule katundu wake.

Chotero musananyamuke lembani m'kabuku mitengo iŵiri pa chinthu chilichonse: woyambira, umene mudzatchula, ndi wotsiriza, umene simudzatsika kupitirira apo ngakhale wogula atakhala wokoma pakamwa chotani. Kunenerera ndi mwambo wathu ndipo sikudzatha, koma munthu amanenerera bwino akadziŵa pamene pali khoma kumbuyo kwake. Kumbukiraninso kuti ndalama imasintha mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anagula utoto, waya kapena malata kutsika kusanachitike, nagulitsa katundu pamtengo wakale, anaona ngati apindula, koma atabwerera kusitolo ndalamazo sizinakwane kugula zipangizo zofanana. Poŵerenga, ikani mtengo umene mudzagulire zipangizo maŵa, osati umene munagulira dzana.

Samu ija yatisonyezanso chinthu china: ulendo umalemera katundu akachepa. Munthu mmodzi wa mabasiketi 15 sangakwanitse malo pa Chichiri. Mutu umodzi susenza denga. Amisiri khumi a mudzi umodzi akasonkhana, nalipira malo amodzi ndi galimoto imodzi, natuma aŵiri okagulitsa, mtolo umapepuka. Maganizo otere ndiwo anali pa mtima pa ndondomeko ya One Village One Product, imene boma linakhazikitsa mu 2003 potengera chitsanzo cha ku Japan. Alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi ofesi ya zamalonda ya khonsolo ya boma lanu angakuuzeni njira yolembetsera gulu, ndipo malo pa chionetsero amapemphedwa nthaŵi ikadalipo, osati m'maŵa wa tsiku lotsegulira.

Koma magulu ambiri amapasuka pobwera, osati popita. Chimawapasula ndi funso lakuti, dengu limene lagulidwa lija linali la yani, ndipo mbiya yosweka ija alipire ndani? Zimenezi zikambidwe pansi pa mtengo, onse alipo, katundu asanamangidwe. Chinthu chilichonse chikhale ndi chizindikiro cha mwini wake kunsi, kaya kaulusi ka mtundu wake, kaya nambala. Mlembi alembe zimene aliyense wapereka, mwiniyo akuona. Mugwirizane kuti zosweka panjira zigaŵidwa bwanji, ndiponso kuti otumidwa aja alandira chiyani pa masiku amene asiya mabanja awo. Ngati ndalama ya ulendo mukongola ku banki m'khonde, ikhale yoti mungabweze ngakhale mutagulitsa theka lokha. Katapila musamuyandikire.

Za panjira sindichulutsa, poti mumazidziŵa. Mbiya zikulungidwe m'udzu wouma, zing'onozing'ono m'kati mwa zazikulu, udzu pakati. Mphasa zipindidwe ndi kumangidwa paŵiri. Wochokera ku Lirangwe adutsa Lunzu, wochokera ku Chileka akumana naye pa Kameza, ndipo onse aŵiri akadalira minibasi adzatsitsa ndi kukwezanso katundu asanafike pa Chichiri. Mbiya zambiri zimafera posinthapo. Galimoto imodzi yobwereka pamodzi, yokafika pachipata, imaposa. Pita dzulo lake, ndipo tenga chofunditsira, chifukwa mu Juni Blantyre amagwa chiperoni pamene ku Lirangwe kuli ng'a, ndipo mkeka ukanyowa umachita nkhungu.

Pamalo pogulitsira, katundu asaunjikidwe pansi ngati mbatata. Zina zipachikeni, zina zikhale pa tebulo loyalidwa nsalu yosachuluka maluŵa, kuti diso ligwere pa katundu. Lembani mitengo pa timapepala. Anthu ambiri amaopa kufunsa poganiza kuti sangakwanitse, namangodutsa. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono zobwezera, pakuti chiyambire 2022 pamene K5,000 inatuluka, wogula woyamba wa m'maŵa amabwera ndi imeneyo. Ambiri adzafuna kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Landirani, koma katundu asachoke musanaone pa foni yanu kuti ndalama zaloŵadi. Uthenga wosonyezedwa pa foni ya wogula si ndalama. Ndipo tengani ntchito yosatha muziluka pomwepo. Palibe chokopa anthu choposa manja amene akugwira ntchito: amaima, amafunsa, ana amaloza, ndipo amene waona kuti mzere umodzi umatenga nthaŵi yotani sanenerera mopanda chisoni. Mukaona munthu waima, mpatseni moni, mumuuze dzina la chomera chimene mwalukira ndi kumene chimamera. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna.

Msampha waukulu uli pa tsiku lotsiriza. Dzuŵa likapendeka amafika anthu ena amene sanaoneke sabata yonse. Iwoŵa ndi ogula mopikula, ndipo amadziŵa bwino lomwe kuti mwatopa, kuti ndalama ya galimoto yobwerera ikukudetsani nkhaŵa, ndi kuti kunyumba akudikira. Amatchula theka la mtengo pa katundu yense wotsala, ndipo maŵa lake katundu yemweyo ali m'mbali mwa mseu wa Victoria pamtengo woposa wanu woyambira. Sindiwanena kuti ndi akuba. Akuchita malonda, ndipo anakonzekera kuposa inu. Chowagonjetsera chili m'samu ija: ndalama yobwerera inaŵerengedwa kale, ndipo ili padera m'thumba lina. Ngati muli ndi mbale ku Chirimba, ku Ndirande kapena ku Lunzu, mupangane naye musanapite kuti zotsala adzakusungirani pouma. Dengu la nsungwi yokhwima silivunda ngati tomato. Lotsala mu Juni lidzagulidwa pa chionetsero cha zaulimi, ndipo lotsala pamenepo lidzapeza mwini wake pa Khirisimasi.

Kabuku kaja kali ndi ntchito inanso. Lembanimo zimene zinatha msanga, zimene anthu anazigwira nazibweza, ndi zimene anafunsa koma munalibe. Lembaninso dzina ndi nambala ya foni ya aliyense wofuna kuti mumpangire katundu, ndipo inunso mumpatse kapepala kolembedwa dzina la gulu lanu, mudzi ndi nambala. Wopereka oda yaikulu apereke chikole chokwanira kugula zipangizo. Ndipo potchula tsiku lodzapereka katunduyo, yang'anani kumwamba musanayankhe. Mwini sitolo akakupemphani madengu 100 mu Okutobala, nafuna kuti afike Khirisimasi isanakwane, kumbukirani kuti pakati pa masiku aŵiriwo pali mvula yoyamba, ndipo oluka anu onse adzakhala kumunda. Muuzeni kuti 40 adzawalandira mu Disembala, otsalawo mukakolola, ndipo zimenezo zilembedwe m'kabuku iye akuona.